Duwa la pa phiri la Mabu lomwe anatulukira munthu wosaka agulugufe

Mukawoloka malire pa Muloza n'kupitirira Milange, mumayamba kuona mapiri otalikirana, lililonse litaima palokha pakati pa minda ya chimanga, chinangwa ndi nandolo. Limodzi mwa mapiri amenewa ndi la Mabu, lomwe lili m'boma la Lugela, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku phiri la Mulanje. Si lalitali modabwitsa ayi, nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 1,700. Chomwe chalitchukitsa ndi nkhalango yowirira ya mahekitala oposa 7,000 yomwe yakuta mbali zake, imene akatswiri amati ndi yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake kuno kum'mwera kwa Africa. Cha kumtunda kwa nkhalangoyi, komwe mitengo imakhala yopinimbira chifukwa cha mphepo ndi kuchepa kwa dothi, n'komwe mu 2008 kunapezeka chomera cha maluwa chomwe chinali chisanalembedwepo m'buku lililonse la sayansi. Lero chili ndi dzina: Helixanthera schizocalyx.

Chomerachi sichimera m'nthaka. Chimamera pa nthambi ya mtengo wina, ndipo n'cha m'banja lomwe akatswiri amalitchula Loranthaceae. Amene anakulira kumudzi abale ake amawadziwa bwino: zija zimachita thukutu pamwamba pa mtengo wa zipatso kapena wa kutchire, masamba ake osiyana ndi a mwini mtengo, zipatso zake zomata zomwe m'madera ena anyamata amapangira ulimbo. Zambiri mwa zimenezo maluwa ake ndi ofiira, aatali, oima m'magulu ngati timitengo ta machesi. Cha ku Mabu n'chofatsa maonekedwe. N'kachitsamba kosapitirira theka la mita, kopanda ubweya pa tsinde ndi pa masamba, maluwa ake achikasu chobiriwirako. Chinapezeka chitakakamira pa timitengo ta m'banja la khofi. Munthu wokwera phiri, thukuta lili kamukamu, katundu ali kumsana, sangachitembenukire.

Amene anachiona koyamba sanali katswiri wa zomera. Anali Colin Congdon, mkulu wodziwa za agulugufe yemwe anakhala zaka zambiri ku Tanzania. Wina angati unali mwayi chabe, koma si choncho. Pali magulu a agulugufe, monga a Iolaus ndi a Mylothris, omwe mbozi zawo zimadya masamba a zomera za banja limeneli. Munthu wofuna mazira ndi mbozi za agulugufe otere amayenda m'nkhalango khosi lili m'mwamba, kufufuza nthambi iliyonse yomwe yanyamula mlendo. Zaka zikamapita amafika pozidziwa zomerazi kuposa akatswiri ambiri a zomera, omwe maso awo amakhala pa khungwa, masamba ndi maluwa a mtengo weniweniwo. Ndiye Congdon atangoona kachitsamba kaja pafupi ndi nsonga ya phiri, anadziwa kuti aka n'kachilendo, ndipo anatenga nthambi kukaonetsa anzake.

Kuti gulu limenelo lifike pa Mabu, nkhani inayambira ku Mulanje. Mu 2005, Julian Bayliss, wasayansi yemwe ankagwira ntchito yoteteza zachilengedwe pa phiri la Mulanje, ankayang'ana zithunzi za setilaiti pa Google Earth kufunafuna mapiri aatali a kutsidya kwa malire omwe anali asanafufuzidwe. Anaona chidutswa chobiriwira kwambiri chomwe m'mabuku a akatswiri munalibe. Atapitako maulendo angapo n'kutsimikiza kuti ndi nkhalango yeniyeni, mu Okutobala 2008 kunapita gulu la anthu 28 lotsogozedwa ndi Jonathan Timberlake wa ku Royal Botanic Gardens, Kew, malo ofufuzira zomera a ku London, ndi thandizo la ndalama la Darwin Initiative ya boma la Britain. M'gulumo munali a bungwe lofufuza za ulimi la Mozambique la IIAM, a Mulanje Mountain Conservation Trust, a Forestry Research Institute of Malawi ndi a BirdLife International. Nyuzi za kunja zinalemba kuti kwapezeka nkhalango yotayika. Apa mpofunika kuwongola. Nkhalangoyo inali isanatayikepo. Anthu a m'midzi yozungulira ankasakamo nyama, ankailemekeza ngati malo a mizimu, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 ena anabisala momwemo. Alenje a komweko ndi omwe anatsogolera njira. M'tsinde mwa phirili munalinso esiteti ya tiyi yomwe inasiyidwa nkhondo itakula. Choncho tikamati chomera chatsopano, tikunena kuti n'chatsopano m'kaundula wa sayansi. Chomeracho chakhala pa nthambi zake zaka zosawerengeka.

Moyo wa zomera za banjali umayambira kukhosi kwa mbalame. Chipatso chimakhala ndi njere imodzi yokutidwa ndi zonanda zomata kwambiri. Kuno ku Africa, zomwe zimafesa kwambiri njerezi ndi timbalame ting'onoting'ono ta mtundu wa Pogoniulus, tija timalira mawu amodzimodzi mosalekeza dzuwa likuswa mtengo. Kambalameko kamameza chipatso, pakapita kanthawi n'kulavula njere. Njereyo imakanirira kumlomo, ndipo kuti ichoke kamaipukutira pa nthambi. Kubzala kwake n'komweko. Njereyo siigona kudikira mvula monga zimachitira mbewu zina. M'masiku ochepa imatulutsa kamphukira komwe kamapindikira ku khungwa, n'kufutukuka kumapeto kwake, n'kuyamba kuboola mpaka kukafika mu thima la nthambi momwe mumadutsa madzi ochokera ku mizu. Pamenepo matupi awiriwo amalumikizana, ndipo pamatupa chotupa cholimba chomwe mungachione mukadula nthambi yotere.

Chomerachi sikuti chimadalira mtengo pa chilichonse. Masamba ake ndi obiriwira, amapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga masamba ena onse. Chomwe chimatapa kwa mwini mtengo ndi madzi ndi michere ya m'nthaka. Kuti madziwo apatukire kwa icho, chimatulutsa nthunzi yambiri m'masamba mwake kuposa mtengowo, ngakhale nthawi yomwe mtengo watseka timabowo ta m'masamba ake kuti usunge madzi. N'chifukwa chake pamalo ouma nthambi yonyamula zomera zotere imatha kuuma kunsonga, alimi n'kumazisadza. M'nkhalango ya nkhungu, momwe chinyezi sichisowa, mtengo umapirira mlendoyo zaka zambiri.

Taonani kuchuluka kwa zinthu zomwe ziyenera kukumana kuti chomera chimodzi chikule. Mbalame idye chipatso chakupsa. Ikatere pa mtengo wa mtundu woyenera, poti si mtengo uliwonse umalola kubooledwa. Nthambiyo ikhale yanthete, khungwa lake lisanakhuthale. Pakhale kuwala kokwanira, chifukwa zomera za banjali zimadana ndi mthunzi wandiweyani. Kunsi kwa Mabu, komwe mkweranyani ndi mitengo ina ikuluikulu imafika mamita 40, pansi pamakhala kamdima ngakhale masana. Kumtunda, komwe mitengo ndi yaifupi ndipo thanthwe layandikira, dzuwa limalowa. Kenaka duwa likamasula, pafunika wonyamula mungu. Abale ake ambiri a mu Africa amadalira choso: mbalameyo ikalowetsa mlomo m'mbali mwa duwa lotsekeka, duwalo limaphulika n'kuiwaza mungu pamutu. Maluwa a gulu la Helixanthera alibe msampha wotero, timasamba ta duwa timangotseguka katsamba kalikonse pakokha. Gululi mitundu yake yambiri ili ku Asia, ndipo ku Africa iliko yochepa chabe.

Tsopano, kuchoka pa nthambi yothyoledwa kufika pa dzina lovomerezeka pali ulendo womwe anthu ambiri sauona. Wotolera zomera amadula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa, ndi zipatso ngati zilipo. Amakayala bwinobwino pakati pa nyuzipepala zakale, tsamba lina atalitembenuza kuti kunsi kwake kuoneke, n'kupanikiza mulu wonsewo pakati pa timatabwa tiwiri tomangidwa ndi malamba. Usiku muluwo amauika pamwamba pa kamoto kapang'onopang'ono, chifukwa m'nkhalango yonyowa chomera chikachedwa kuuma chimachita chuku n'kuda. M'kabuku amalemba nambala, tsiku, malo, kukwera kwa malowo, mtundu wa duwa lisanafote, fungo ngati lilipo. Kwa chomera chodyera pa mtengo wina amalembanso dzina la mtengo womwe wachinyamula. Kanthambi kouma kopanda zolembazi ndi chinyalala, palibe katswiri angakagwiritse ntchito. Zotoleredwazo amazigawa, zina zimatsala m'dziko lomwe zachokera, zina zimapita kunja. Nyumba yosungiramo zomera zouma imatchedwa herbarium. Ya Mozambique yaikulu ili ku Maputo, ya Malawi ili ku Zomba, ndipo ya ku Kew, ku London, imasunga zomera zouma pafupifupi 7 miliyoni.

Kumeneko n'komwe kumakhala ntchito yowawitsa msana. Kuti unene kuti chomera ichi n'chatsopano, uyenera kuonetsa kuti si chimodzi mwa zomwe zinalembedwa kale, ndipo njira yake ndi kufananiza basi: kuviika duwa louma m'madzi ofunda kuti lifewe, kuling'amba pansi pa maikulosikopu, kuyeza kachiwalo kalikonse, kutsegula mafayilo a abale ake onse a ku Tanzania, Malawi, Congo ndi kwina. Mwayi wa chomera cha ku Mabu unali woti ku Kew kunali Roger Polhill, yemwe mu 1998 analemba pamodzi ndi Delbert Wiens buku lalikulu la zomera za mtundu umenewu za mu Africa monse. Munthu wotero sachedwa kuona chomwe chasiyana. Chizindikiro chimodzi chinali pa kachikho kobiriwira komwe kamagwira duwa kunsi: pa chomera ichi kamang'ambika, ndipo dzina lachiwiri lija, schizocalyx, likunena zimenezo. Mu 2011, Timothy Harris, Iain Darbyshire ndi Polhill anasindikiza kufotokoza kwake m'magazini ya sayansi ya Kew Bulletin, pamodzi ndi zomera zina zatsopano za pa phiri la Namuli, monga Crotalaria namuliensis ya m'banja la nyemba ndi Isoglossa namuliensis. Nthawi imeneyo chomerachi chinkadziwika kuchokera pa zitsanzo zisanu zokha, zonse za dera limodzi la phirilo.

Kutchula dzina kuli ndi malamulo ake omwe dziko lonse limatsata. Dzina limakhala la mawu awiri, loyamba la gulu, lachiwiri la mtunduwo, mwambo womwe unakhazikika ndi Carl Linnaeus mu 1753. Olemba ayenera kusankha chitsanzo chimodzi chouma chomwe dzinalo lidzamangiriridwepo mpaka kalekale, kuti pakadzabuka mkangano zaka 100 zikubwerazo, anthu adzatsegule kabati n'kuona chomwe ankanena. Kuyambira 1935 mpaka kumapeto kwa 2011, kufotokoza kwachidule kunkayenera kukhala m'Chilatini. Kuyambira pa 1 Januwale 2012 Chingerezi chinaloledwanso, pamodzi ndi kusindikiza pa intaneti. Chomera cha ku Mabu chinali m'gulu lomaliza lolowa pa khomo lakalelo.

Zaka zitatu kuchoka kuphiri kufika m'buku ndi liwiro. Kafukufuku wina yemwe anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti mwa mitundu yatsopano ya zomera za maluwa, 16 yokha pa 100 iliyonse ndi yomwe imalembedwa zaka zisanu zisanathe chiitolereni. Yotsalayo imagona m'makabati zaka makumimakumi, ina itapatsidwa dzina lolakwika, kudikira munthu wodziwa banja lake. Chaka chilichonse mitundu pafupifupi 2,000 ya zomera imalandira maina. Chomwe chimachedwetsa ntchitoyi si kusowa kwa nkhalango zoti anthu alowemo, koma kuchepa kwa anthu otha kukhala pansi miyezi n'kumang'amba timaluwa. Kwa ine, boma kapena bungwe lomwe limalipira ulendo wa kuphiri koma osalipira wosamalira herbarium, ndalama zake zimathera panjira.

Nanga n'chifukwa chiyani chomera chingapezeke pa phiri limodzi lokha padziko lonse? Yankho likuyambira pa nyengo yomwe anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre amaidziwa m'mafupa: chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, lomwe lili kum'mwera kwa Milange, mbali yomwe mitamboyo imatulukira. M'miyezi yozizira, mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian imabwera ndi chinyezi. Ikagunda phiri imakwera, n'kuzizira, chinyezicho n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Nkhunguyo imagwira pa masamba ndi pa ndere za m'nthambi, n'kumadontha pansi ngakhale tsiku lomwe mvula sinagwe. Choncho pomwe kuchigwa mitengo ya mombo ndi tsamba ikuyoyola masamba, tchire likupsa, kuphiri nthaka imakhala yonyowa. Mtengo wa m'nkhalango yotere sungakhale kuchigwa, ndipo chomera chodalira mtengowo n'chimodzimodzi. Phiri lililonse limasanduka chilumba chozunguliridwa ndi dziko lotentha.

Sizinali choncho nthawi zonse. Pa zaka mamiliyoni zapitazi, nyengo ya mu Africa yakhala ikusinthasintha. Pa nthawi za mvula yambiri nkhalango zinkatsika n'kufalikira m'zigwa, mwina n'kulumikizana. Kukauma zinkabwerera m'mapiri. Zamoyo zomwe zinali mtundu umodzi zinkadukana, gulu ili pa Mulanje, ilo pa Namuli, lina pa Mabu, ndipo gulu lililonse linkasintha palokha mibadwomibadwo mpaka kusiyana kotheratu. Zomwe zimauluka mtunda wautali, kapena zomwe njere zake zimatengedwa ndi mphepo, zimapitiriza kusakanikirana. Koma njere yomwe kambalame kamaipukutira pa nthambi pasanapite nthawi yaitali chiidyereni singawoloke chigwa cha makilomita makumi angapo. Imagwera pafupi ndi mayi wake.

N'chifukwa chake ulendo umodzi pa phiri lotere umatulutsa zachilendo zambiri. Pa Mabu pomwepo panapezeka njoka yaing'ono ya m'banja la mphiri yomwe inatchedwa Atheris mabuensis mu 2009, nanzikambe wotchedwa Nadzikambia baylissi mu 2010, mleme wotchedwa Rhinolophus mabuensis mu 2012, ndi agulugufe angapo. Phiri la Mulanje, lomwe lafufuzidwa kuyambira pomwe Alexander Whyte anatolerako zomera mu 1891, lili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 1,300, ndipo pafupifupi 70 mwa imeneyi sipezeka kwina kulikonse. Mu 2024, Bayliss ndi anzake ambiri anasonkhanitsa zomwe zapezeka pa zaka pafupifupi 20 n'kunena kuti mapiri 30 a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ayenera kuonedwa ngati dera limodzi lapadera la zachilengedwe, lomwe analitcha South East Africa Montane Archipelago. Anawerenga mitundu 127 ya zomera ndi mitundu 90 ya nyama, kuphatikizapo achule, abuluzi, mbalame, agulugufe ndi nkhanu, yomwe kwawo n'kumeneku kokha. Anapezanso kuti kuyambira 2000 derali lataya 18 pa 100 iliyonse ya nkhalango yake yachilengedwe yonyowa, ndipo pa mapiri ena chiwerengerocho chafika 43.

Kusowa ndi kukhala pangozi si chinthu chimodzi, ngakhale anthu amazisakaniza. Chomera chikhoza kukhala pa malo ang'onoang'ono zaka zikwizikwi popanda vuto, bola malowo asasokonezedwe. A bungwe la IUCN, omwe amasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, safunsa kukula kwa malo kokha. Amafunsanso ngati chiwerengero chikutsika, ngati malowo akuchepa, ndiponso ngati pali chinthu chimodzi chomwe chingaononge zonse nthawi imodzi. Vuto la chomera cha phiri limodzi lagona pa funso lomalizali. Chomera chofala chikapsa pano chimatsala uko. Cha phiri limodzi chilibe uko.

Zomwe zingachitike tikuziona pa mapiri oyandikana nawo. Pa Namuli, pafupi ndi Gurué, phiri lachiwiri kutalika mu Mozambique, anthu akhala akuswa mphanje m'nkhalango ya pamwamba kuti abzale kachewere. Dothi la m'nkhalango n'lachonde, kumtundako n'kozizira, kachewere amabereka popanda feteleza ndipo msika wake ulipo. Pakapita zaka zochepa chonde chimatha, mlimi n'kusunthira mkati. Sindikuona chifukwa chomunyozera mlimi ameneyo, poti akuwerengera fizi ya ana ndi mchere wa pakhomo, ndipo kawerengedwe kake n'kolondola pa zaka zomwe iye akuziona. Koma nkhalango yotere ikagwa sibwerera msanga, chifukwa pamalopo pamamera udzu ndi zitsamba zomwe zimapsa chaka ndi chaka, moto n'kumadya m'mphepete mwa nkhalango yotsalayo pang'onopang'ono. Ku Malawi, nkhalango ya pa phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo ya pa phiri la Thyolo inatsatira posakhalitsa. Pali kambalame ka m'nkhalango komwe dzina lake la sayansi, choloensis, linachokera ku Thyolo. Lero amodzi mwa malo ochepa omwe kadakali kochuluka ndi Mabu.

Nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, ikuonetsa mbali ina. Uwu si wa maluwa, ndi wa gulu la paini, koma nawo kwawo ndi phiri limodzi. Ocheka matabwa ndi moto anaupulula mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Chomwe chaupatsa mpata wina n'choti njere zake zimasungika ndipo zimamera pa nazale, moti midzi yozungulira phirili yafesa mbande masauzande ambirimbiri zomwe zabzalidwanso kuphiri. Chomera ngati cha ku Mabu njira imeneyi chilibe. Njere za banja lake zilibe chikopa cholimba, zimamera zikangochoka m'chipatso, ndipo zikauma zimafa. Nkhokwe zazikulu za mbewu, monga Millennium Seed Bank ya ku England, zimasunga njere poziumitsa n'kuziika m'chipinda chozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro. Njere yomata ija singapirire zimenezo. Kuti muchilime kwina, muyambe mwalima mtengo wake, muupezere nkhungu yake, kenaka muzimata njere pa nthambi ndi chala chaka chilichonse m'malo mwa mbalame. Kunena zoona, posungira pake ndi paphiri pomwepo.

Kutentha kwa dziko kukuwonjezera nkhawa ina. Kukamatentha, malire a nkhungu ndi kuzizira amakwera m'mwamba, ndipo zamoyo za m'phiri zimakwera nawo. Pa Mulanje, pomwe Sapitwa yafika mamita 3,002, mpata wokwerera ulipo ndithu. Chomera chomwe chili kale pafupi ndi nsonga ya phiri lalifupi chilibe kopita.

Wina afunsa, ndipo ndi funso labwino: kachitsamba koyamwa madzi a mtengo wina, kosadyedwa, kosapala matabwa, kali ndi phindu lanji? Yankho lomwe limabwera msanga ndi loti mwina muli mankhwala. N'zoona kuti zomera zina zakutchire zatulutsa mankhwala akuluakulu, monga kaduwa ka ku Madagascar ka Catharanthus roseus komwe kanapereka vincristine wothandiza ana odwala khansa ya m'magazi. Koma kulonjeza zotere pa chomera chilichonse chatsopano n'kunamiza anthu, ndipo anthu akanamizidwa kawiri sabweranso ku msonkhano. Yankho lolimba lili m'nkhalango momwemo. Ku Australia, wasayansi David Watson ndi mnzake anachotsa zomera za banjali m'tinkhalango tingapo, tina n'kutisiya momwe tinalili. Patatha zaka zitatu, monga analembera mu 2012, momwe anachotsamo munali mutataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mitundu ya mbalame. Chodabwitsa n'choti zomwe zinachepa kwambiri sizinali zodya zipatso zake, koma zodya tizilombo pansi. Chifukwa chake n'chakuti zomerazi zimayoyola masamba ambiri adakali ndi michere, pomwe mitengo imayamba yabweza michereyo tsamba lisanagwe. Masamba onona amenewa amadyetsa tizilombo ta m'nthaka, tizilomboto n'kudyetsa mbalame. Chomwe chimaoneka ngati mbala pa nthambi chimakhala chikuthira manyowa pansi. Onjezanipo agulugufe aja omwe mbozi zawo sizidya china.

Palinso phindu lomwe silifuna maikulosikopu. Chomera chosowa chikalembedwa m'buku, chimasanduka umboni womwe ungaikidwe pa tebulo pokambirana za malo. Akatswiri a ku Kew ndi a ku Mozambique agwiritsa ntchito zomera zotere posankha madera ofunika kwambiri kuwateteza, ndipo Mabu ali pa mndandandawo. Lipoti la Kew la mu 2023 linati mwa mitundu inayi iliyonse ya zomera yomwe sinalembedwebe, itatu ikuoneka kuti ili kale pangozi, kutanthauza kuti ina ikutha isanalandire dzina, popanda woilankhulira. Ndipo nkhalango yomwe imasunga chomeracho ndi yomweyo imagwira nkhungu n'kutulutsa mitsinje yosaphwa m'chilimwe. Anthu a ku Blantyre omwe amamwa madzi ochokera ku Likhubula amadalira nkhalango ya mtundu womwewu pa Mulanje, ngakhale sanakwereko.

Chomwe chasunga Mabu mpaka pano si mpanda kapena mfuti za alonda. Ndi misewu yovuta, kuchepa kwa anthu komwe nkhondo inasiya, matanthwe otsetsereka, ndi ulemu womwe eni dera amapereka kwa phirilo. Zina mwa zimenezi zikusintha: anthu akuchuluka, minda ikukwera, ndipo msewu ukakonzedwa ogula matabwa ndi mbewu amafika tsiku lomwelo. Moto wa osaka nyama ndi woswera mphanje umafika kale m'mphepete mwa nkhalango, ndipo m'kati mwake alenje amatchera misampha yachitsulo. Ntchito yomwe mabungwe ndi midzi ya kumeneko akhala akukambirana ndi yooneka wamba: kugwirizana ndi mafumu polekezera minda, kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, kupeza mbewu ndi malonda opindulitsa kumunsi kuti kukwera phiri ndi nkhwangwa kusakhale njira yokhayo yopezera ndalama, ndi kulembetsa malowo m'dzina la midzi yomweyo kuti wobwera ndi chikalata chochokera kutali asawalande.